Azipuma Kwambiri

Kachipangizoko kanali kotuwa, kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo kumbuyo kwake kunali kopanira m'chiuno mwa siketi kapena buluku. Ukakagwedeza kankalira kuti tche, tche, ngati mkati muli kamwala. Ntchito yake inali imodzi basi, kuwerenga mapazi amene munthu waponda pa tsiku. Ndinakapeza mwezi wathawu m'chitini chakale cha mabisiketi mmene amayi amasungiramo ulusi, mabatani ndi makiyi a nyumba zimene tinasamukamo kalekale. Batire lake linatha, kagalasi kake kanachita chifunga, koma nditakagwedeza kanayankha chimodzimodzi ngati kale. Ndinayamba kuseka ndekha m'khitchini, poti kachipangizo kameneka kanayenda mitunda yambiri m'dzina langa, ine mwiniwake ndili gone pa sofa.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Hull, mzinda wa ku Mangalande, m'nyumba zija zogundana za njerwa zofiira, zimene ukatsokomola aneba amadziwa kuti wadwala. Tinalimo atatu: ine, amayi, ndi amalume, achimwene awo a amayi. Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ankabwerako mapazi atatupa. Amalume ankanyamula makatoni kumalo osungira katundu kufupi ndi doko, koma kwathu ku Malawi anaphunzitsako sukulu ya pulayimale, choncho Chingerezi ankachiyesa chuma chawo. Kukabwera mlaliki wachizungu kutchalitchi kwathu, womasulira anali iwo, ndipo ulaliki unkatalika kawiri chifukwa ankawonjezamo zawo.

Ine ndinabadwa ndi mtima wobooka. Kumudzi palibe anadziwa. Ankangoti ndine mwana wonyentchera, ena n'kumati ndine waulesi, chifukwa pa masewera onse ndinkasankha kukhala wosunga nsapato za anzanga. Ndikayenda pang'ono ndinkanjuta pansi n'kumawefuka, milomo n'kuda bii. Titafika ku Mangalande madokotala anatchula dzina la matendawo, natiika pa mndandanda wodikira opaleshoni. Tikudikira choncho, m'mawa wina wozizira tinachedwa kutuluka, ndipo titafika pakona ya msewu wathu tinaona basi itaima kale pa siteji. Amayi anandikoka dzanja nati, "Thamanga!" Ndinathamanga. Ndimakumbukira chitseko cha basi chikuyandikira, kenako simenti yozizira pa tsaya langa, kenako denga la ambulansi. Kuchokera tsiku limenelo sitinathamangirenso basi. Ikatipitirira tinkadikira ina, ngakhale mvula ikugwa.

Opaleshoni inachitikira kuchipatala chachikulu cha mumzinda wina, ulendo wa pa sitima. Za kumeneko ndimakumbukira zochepa: fungo la mankhwala opukutira m'manja, ludzu, pilo amene ndinkakumbatira ndikafuna kutsokomola, ndi tsiku limene anandizula machubu m'mimba. Tsiku limenelo ndilo ndinkaliopa kuposa china chilichonse, ndipo ndinalumbira mumtima watsopanowo kuti sindidzabwereranso pa bedi lija. Ndinatuluka ndi chipsera chowongoka pakati pa chifuwa, chimene amalume ankati ndi zipi ya Mulungu. Masabata oyamba anandiletsa kunyamula zinthu ndi kukwera njinga kuti fupa ligwirane. Fupa litagwirana, kalata inabwera yotiitana ku mafizo.

Mphunzitsi wa mafizo anali mzimayi wamtali wa tsitsi lofiira, wovala nsapato zamasewera zimene zinkalira kuti kwi, kwi pa simenti yosalala ya m'chipatala. Amayi ankangowatchula kuti aphunzitsi, ndipo nanenso ndiwatchula choncho. Tsiku loyamba tinalipo ana asanu, tonse a zipi, ndipo makolo akudzaza mafomu ife tinali pakona kuonetsana zipsera, kupikisana kuti chachitali n'cha ndani. Aphunzitsi anatiphunzitsa kutambasula manja, kukwera ndi kutsika pa kabenchi, ndi kupalasa njinga yosayenda. Kenako anaika timitu tiwiri ta pulasitiki m'kolido, kena uku kena uko, ndipo aliyense anayenda pakati pa timituto kwa mphindi zisanu ndi imodzi, iwo atagwira wotchi. Ndinayenda bwino ndithu. Analemba mtunda wanga papepala nandiwombera m'manja.

Mafizo enieniwo anali okachitira kunyumba. Aphunzitsi anatipatsa kabuku ka zithunzi, kachipangizo kaja, ndi tsiku loti tidzabwerenso pakatha mwezi ndi theka. Madzulo alionse nambala ya pa kachipangizo inkayenera kulembedwa m'kabukumo. Pofotokoza ankayang'ana amayi, koma amayi pamaso pa anthu a chipatala ankangoti zii, manja pamiyendo, choncho amalume anasendeza mpando wawo kutsogolo monga mwa nthawi zonse. Mawu a aphunzitsi ndimawakumbukira mpaka lero, chifukwa anawabwereza katatu: "A bit out of breath, every day." Ankatanthauza kuti tsiku lililonse ndizichita masewera mpaka mpweya uzichita kuperewera pang'ono, poti mtima ndi mnofu, ndipo mnofu umalimba ukamagwira ntchito.

"Akuti azipuma kwambiri," anatero amalume. "Tsiku lililonse, achemwali. Azipuma ndithu." Anaika dzanja pachifuwa, natulutsa lilime n'kuwefuka ngati galu wothamangitsa njinga, ana tonse tinaseka.

Amayi sanaseke. Anangoti, "Ndamva."

Ndipo ndinapumadi. Sindinapumepo chotero moyo wanga wonse, ndipo sindikhulupirira kuti ndidzapumanso chotero ndisanafe. Amayi anandiyalira bulangete pa sofa, pilo kumutu, pilo kumiyendo, limoti ya wailesi ya kanema m'manja. Kapu ya madzi ndinkachita kupatsidwa. Azimayi a kutchalitchi ankabwera kudzandizonda ndi malalanje ndi mandasi, n'kumandiyang'ana ngati dzira loti lingasweke. "Musamuvutitse mwanayu," ankatero, "munthu anachita kumutsegula pachifuwa." Kwathu wodwala satumidwa, aliyense amadziwa zimenezo, ndipo amene angauze mwana wa opaleshoni kuti akwere masitepe ndiye kuti alibe chisoni. Masitepe a nyumba yathu anali khumi ndi atatu, otsetsereka kwambiri, ndipo madzulo alionse amayi ankandibereka ndi chitenje kukwera nane kuchipinda, miyendo yanga ikuwagunda m'mawondo. M'khosi mwawo munkamveka mafuta odzola ndi sopo wa kuntchito.

Ndisaname, ndinkasangalala. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi atapatsidwa ufumu sakana. Chingerezi ndinkachimva kuposa onse m'nyumbamo, ndipo zimene ananena aphunzitsi ndinazimva bwinobwino, koma ndinaona kuti akuluakulu agwirizana zina, ndiye ndivutikirenji? Lero ndikamaganiza ndimadzichitira manyazi pang'ono. Mlandu umene anausenza ena pambuyo pake, kachigawo kake kanali kanga.

Kachipangizo kaja m'mawa uliwonse amayi ankakapana m'chiuno mwa buluku lawo la yunifolomu. "Ndikusungire," ankatero, "iwe ungakataye." Madzulo akabwera ankavula nsapato, n'kukhala pampando wa m'khitchini, n'kukopera nambala m'kabuku ndi zilembo zawo zozungulira bwino. Munthu wosamalira okalamba sakhala pansi, ndiye manambala ake anali onenepa. Aphunzitsi akaimba foni Lachisanu, amayi ankawawerengera manambalawo, ndipo mawu a aphunzitsi ankamveka mpaka pa sofa akuyamikira. Tsiku lina amalume anapeza amayi akulemba. Anaima pakhomo la khitchini nthawi yaitali, chipewa chili m'manja, kenako anangoti, "Achemwali." Amayi osatukula mutu anayankha kuti, "Tiyi wanu akuzizira, achimwene." Nkhani inathera pomwepo.

Mwezi ndi theka unatha, tinabwerera ku kolido ija. Timitu tiwiri tija tinali pamalo pake, wotchi ili m'manja mwa aphunzitsi. Ndinanyamuka mwamphamvu, koma nditazungulira kangapo miyendo inayamba kunjenjemera ngati ya mwana wa mbuzi wobadwa kumene. Mutu unazungulira, mtima unagunda m'makutu, ndipo mphindi zisanathe ndinatsamira khoma. Mnyamata amene ndinamupitirira tsiku loyamba lija anandidutsa akuimba mluzu. Aphunzitsi anandikhazika pansi, nandigwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima. Anatsegula kabuku, nayang'ana manambala onenepa aja, nayang'ana ine, nayang'ananso kabuku. Nkhope yawo inasintha. Mwana woyenda chotero tsiku ndi tsiku amayenera kulimba, ndipo ngati akufooka ndiye kuti vuto lili mkati.

Anaitana dokotala. Dokotala anandimvetsera pachifuwa ndi kumsana, nanena kuti sabata yotsatira ndikajambulidwe mtima, aone ngati chigamba chimene anasoka chikugwirabe. Ngati sichikugwira, anatero motsitsa mawu, mwina padzafunika kutsegulanso. Mawu amenewo amalume sanawamasulire. Koma amayi, amene anali ataimirira, anafufuza mpando ndi dzanja nakhala pansi.

Sabata imeneyo inali yaitali. Sofa ija inasiya kukoma. Ndinkangosisita chipsera ndi chala, kuganiza kuti adzadula pomwepo kapena pambali, n'kumakumbukiranso machubu aja. Ndinafunsa amalume ngati zipi amaitsegula kawiri, iwo anayesa kuseka koma kuseka kunawakanika. Amayi anasiya kudya. Ankaphika, n'kutigawira, n'kukhala akuyang'ana mbale yawo mpaka chakudya kuzizira. Kachipangizo sanakatengenso kuntchito. Kanangokhala pamwamba pa firiji, pafupi ndi kabuku, ndipo masamba a sabata imeneyo anatsala oyera. Kawiri konse ndinawamva akuyamba kunena kuti, "Achimwene, ine..." koma osamaliza.

Tsiku lojambula linafika. Anandigoneka chammbali m'chipinda chamdima pang'ono, nandipaka mafuta ozizira pachifuwa, ndipo mtima wanga unaoneka pa kanema ukutsegula ndi kutseka ngati kamwa la nsomba. Dokotala anayang'ana nthawi yaitali. Chigamba chinali bwinobwino, magazi ankayenda njira yake, ndipo zimenezi m'malo momusangalatsa zinamuzunguza mutu. Anayamba kunena zondigoneka m'chipatala kuti alowetse kachubu mumtsempha akaone mkati mwenimweni. Nditamva za kachubu ndinayamba kulira. Nthawi yomweyo aphunzitsi, amene anatsika kuchokera ku mafizo kudzamva zotsatira, anagwada pafupi nane ndi kabuku kaja. Pofuna kunditonthoza anandifunsa kuti mapazi onsewa ndimakawaponda kuti, kupaki kapena kumtsinje.

Ndinayankha m'Chingerezi, mamina ali chuchuchu, kuti ine sindipita kulikonse, kachipangizoko kamapita kuntchito ndi amayi.

Amayi anaweramitsa mutu mpaka ndinangoona pamwamba pa duku lawo. Aphunzitsi anatsegula pakamwa kuti afunse, koma amalume anali ataimirira kale, chipewa chili pachifuwa ngati munthu wopepesa pamaliro. Analankhula Chingerezi chawo chonse cha m'kalasi. Anati cholakwa n'chawo. Anafotokoza kuti m'chinenero chathu mawu oti kupuma ali pawiri: munthu akamakoka mpweya akupuma, akakhala pansi osagwira ntchito akupumanso. Iwo anamasulira kuti mwana azipuma kwambiri, ndipo mlongo wawo, monga mayi womvera malangizo a chipatala, anamupumitsadi mwanayo ndi mtima wonse. Dokotala anafunsa za kachipangizo. Amalume sanaphethire n'komwe. Anati iwo anauza mlongo wawo kuti kazikhala m'chiuno tsiku lonse, koma anaiwala kutchula kuti m'chiuno mwa ndani.

Dokotala anaseka mpaka anavula magalasi. Anati ndiye kuti mtima ulibe mlandu, yaiwala ntchito ndi miyendo, ndipo mwana aliyense atagonekedwa pa sofa mwezi ndi theka angatsamire khoma chimodzimodzi. Za kachubu zinathera pomwepo, za kutsegulanso zinathera pomwepo. Aphunzitsi sanaseke msanga. Anayang'ana amayi nthawi yaitali, kenako anatseka kabuku nati pa zolakwitsa zonse zimene anamvapo chaka chimenecho, ichi chinali chokoma kuposa zonse.

Mmene ndinamvera tsiku limenelo sindingathe kufotokoza bwino. Thupi lonse linapepuka. Tili m'kolido amayi anandikumbatira mosamala, akuseka ndi misozi, n'kumangobwereza kuti, "Zikomo Ambuye, zikomo Ambuye." Amalume anatigulira tchipisi ndi nsomba pafupi ndi siteshoni, tinadyera pa benchi mbalame za kunyanja zikutizungulira, ndipo amayi anadya zawo zonse ndi theka la za amalume. Mitima inakhala m'malo. Ine ndinkangoseka amalume, mphunzitsi wathunthu kulephera kumasulira mawu amodzi.

Sabata yotsatira aphunzitsi anatiitananso, koma ulendo uno anauza amalume kuti adikire panja. Ine ndinati ndi chilango chawo. Anatitengera pa masitepe a chipatala, nandipana kachipangizo kena pa chala koonetsa mpweya wa m'magazi, nandiuza kuti ndikwere ndi kutsika mpaka ndiwefuke. Nditayamba kuwefuka amayi anatambasula manja kuti andigwire, koma aphunzitsi anawagwira paphewa. Anawaonetsa nambala ya pa chala, kuti sinatsike. Anawaonetsa milomo yanga, kuti sinade. Kenako anachotsa chomvetsera mtima m'khosi mwawo nachiika m'makutu mwa amayi, mbali inayo pachifuwa panga. Amayi anamvetsera atatsinzina, nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kutopa kuima. Aphunzitsi anawapatsa lamulo losavuta: mwana akamatha kuimba akuyenda ndiye kuti akuchita ulesi, akamatha kulankhula koma osaimba ndiye zili bwino, akalephera kulankhula aime. Zonsezi zinanenedwa popanda womasulira, ndipo ine sindinadabwe n'komwe.

Nyengo yotentha inali itayamba, masiku aja dzuwa limakana kulowa. Amayi akaweruka ankangosintha nsapato, n'kundipana kachipangizo m'chiuno mwanga, ulendo kupaki. Masiku oyamba tinkafika pa geti pokha n'kubwerera. Kenako tinafika pa dziwe la abakha, kenako tinayamba kulizungulira. Lamulo la aphunzitsi amayi analisandutsa lawo. Kuti adziwe ngati ndikutha kulankhula ankandifunsa mafunso njira yonse, ndipo yankho la Chingerezi silinkawerengedwa. "Sindinamve," ankatero, "yankha bwino." Ankandifunsa maina a azakhali anga onse, zimene tinkalima kumudzi, mmene amalonjerera munthu wamkulu. Ine amene ndinali nditayamba kuyankha chilichonse m'Chingerezi ndinapezeka ndikutchula mawungu ndi nkhwani ndikuwefuka pakati pa azungu oyendetsa agalu. Chichewa chimene ndikulemba panochi ndinachitola m'paki imeneyo. Ndikayesa kuchenjera n'kuyamba kuimba nyimbo ya kwaya kuti tichepetse mafunso, ankangoti, "Ukuimba? Ndiye onjeza liwiro."

Sizinali zokoma masiku onse. Miyendo inkawawa, mphepo ya kumtsinje inkalowa m'makutu, ndipo ufumu wa pa sofa ndinkaulira. Tsiku lina ndinakhala pansi pa sitepe yachitatu n'kupempha kuti andibereke. Amayi anaima pamwamba ndi chitenje paphewa, ndipo ndinaona kuti atsala pang'ono kutsika. Koma anachipinda chitenjecho nachiika pambali. "Bwera wekha," anatero. Ndinakwera ndikulira ndi mkwiyo, ndipo nditafika pamwamba anandiyang'ana milomo asanandiyang'ane m'maso. Loweruka lina anajambula phada ndi choko m'kanjira ka kuseri kwa nyumba, pakati pa mabini, nakwinya siketi n'kudumpha ndi mwendo umodzi kundionetsa. Ndinali ndisanawaonepo amayi akudumpha. Ana a aneba anasuzumira pampanda, ndipo pofika madzulo msewu wonse unkasewera phada.

Amalume ndiwo anavutika. Nkhani inafika kutchalitchi, ndipo Amalawi nkhani yotere saisiya ifere panjira. Anayamba kuwatchula kuti a Azipuma. Mlaliki wachizungu atabweranso, akuluampingo anasankha mnyamata wina wa kukoleji kuti amasulire, ati kuopa kuti mpingo ungauzidwe kuti uzipuma pa kupemphera. Amalume anakhala kumbuyo tsiku limenelo, akuyesa kuseka nawo. Kunyumba nako sitinawasiye. Akagona pa sofa pambuyo pa shifiti, ine ndinkanong'oneza amayi kuti amalume akupanga mafizo. Iwo ankatsegula diso limodzi n'kunena kuti, "Pang'onopang'ono ndi mtolo, mwana iwe," n'kugonanso. Amayi nthabwala imeneyi sankaiseka kwenikweni, koma ndinaona kuti nyengo yonseyo ntchafu ya nkhuku inkapita m'mbale ya amalume.

Kumapeto kwa nyengo yotentha tinabwerera ku timitu tiwiri tija. Ndinayenda mphindi zonse zisanu ndi imodzi, ndipo aphunzitsi atati basi ine ndinkafunabe kupitiriza. Analemba mtunda, naujambulira mzere kawiri pansi pake. Anati ndikhoza kubwerera kusukulu, ndikhoza kuchita masewera ndi anzanga, ndikhoza kuthamanga. Kabuku anakasunga iwo, koma kachipangizo anati ndikatenge. Pokapereka anakaika m'manja mwa amayi, nawatsinzinira diso.

Tsiku lotsegulira sukulu tinachedwa kutuluka, chifukwa tayi yanga inasowa. Titafika pakona ya msewu wathu, basi inali itaima kale pa siteji, anthu awiri omaliza akukwera. Ine ndinachepetsa liwiro monga tinazolowera, podziwa kuti tidikira ina. Amayi anaima. Dzanja lawo linandifinya mpaka zala kuwawa, kenako linandisiya.

"Thamanga," anatero, motsitsa kwambiri moti ndinachita kuwayang'ana kuti ndione ngati ndamva bwino.

Ndinathamanga. Chikwama chinkandimenya kumsana, nsapato zatsopano zikulira pa simenti, mphepo ikulowa m'kamwa. Ndinadutsa pamalo paja ndinagwera osapazindikira n'komwe. Ndinafika chitseko chisanatsekedwe, ndinaponda phazi limodzi mkati, n'kuuza dalaivala kuti adikire amayi anga. Nditatembenuka ndinapeza amayi ali pomwe ndinawasiya, pakona, dzanja lili pakamwa, osasuntha. Dalaivala anayang'ana wotchi. Manyazi anandigwira, ndipo ndinakuwa msewu wonse kumva, "Amayi, fulumirani, anthu akudikira inu!" Apo m'pamene ananyamuka. Atakwera anandigwira chibwano, nayang'ana milomo yanga, nakhala pampando. Ine ndinakwiya mpaka kusukulu, kuti munthu angandithamangitse ine pamene iye akuyenda ngati akupita ku ukwati.

Mwezi wathawu, nditapeza kachipangizo m'chitini muja, ndinapita nako pabalaza pamene amayi ankasoka batani. Ndinkafuna tiseke za a Azipuma. Koma ndikuyenda choncho zinthu zinayamba kulumikizana m'mutu mwanga, zinthu zimene ndakhala nazo zaka zonsezi osaziika pamodzi. Amayi ankalankhula Chingerezi tsiku lonse ndi nkhalamba za ku Hull zopanda mano. Ankayankha foni ya aphunzitsi okha. Dokotala atanena za kutsegulanso, anakhala pansi popanda wowamasulira. Ndinawafunsa mosazungulira ngati tsiku lija sanamvedi.

Anamaliza kaye kusoka batani, nadula ulusi ndi mano.

"Ndinamva bwinobwino," anatero. "Amalume akonso anamasulira bwino. Sunawaone akuwefuka ngati galu? Koma iwe, tsiku lomaliza limene ndinakuuza kuti uthamange, ndinakutola pansi."

Ndinafunsa chifukwa chimene amalume anavomerera kusekedwa zaka zonsezi, mpaka kulandidwa ntchito yawo ya kutchalitchi. Amayi anati sanawapemphe, ndipo mpaka lero awiriwo sanakambiranepo za nkhaniyi. Anatenga kachipangizoko, nakagwedeza pafupi ndi khutu, nakabwezera m'chitini.

M'mawa uja pa chitseko cha basi ndinali ndi mtima wosokedwa bwino, miyendo yolimba, ndi Chichewa chokwanira kukalipira mayi anga pagulu. Ndinkadziwa kuti kupuma kuli pawiri, ndipo ndinkadziyesa wochenjera. Koma sindikanatha kudziwa kuti mayi amene anaima pakona uja sankachedwa. Ankadikira kuti aone ngati nditembenuke ndili chiimire.